Maulendo a tsiku limodzi okaona nyanja za m'mapiri ku Tukuyu aziyambira ku Karonga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya maulendo amene tikumawaona pa ma status a WhatsApp ndi pa Facebook kuno ku Mzuzu, aja amati lipirani mwakuti tikutengeni pa kosita mukaone nyanja za m'mapiri ku Tanzania, kunyamuka m'bandakucha n'kubwera tsiku lomwelo. Ganizo lakelo ndi labwino kwambiri ndipo ine ndikufuna lipitirire, anthufe tizionako dziko osati kumangomva za kwa eni. Koma ndinene mosabisa kuti kuchoka ku Mzuzu kukafika ku nyanja ya Ngosi n'kubwerako tsiku limodzi ndi kuzunza anthu, ndipo amene akugulitsa maulendowa akudziwa bwino lomwe chifukwa msewuwo anaudutsapo.

Kwa amene malowa simukuwadziwa, mukangowoloka mlatho wa Songwe n'kufika pa Kasumulu msewu umayamba kukwera kulowera ku Tukuyu, uku nthochi uku minda ya tiyi, kozizira mwina kuposa Mzuzu wathuyu ndipo mvula yake siyocheza. Dera lonselo ndi la mapiri amene anaphulika moto kalekale, kuli Rungwe lomwe kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 3,000, kuli Kyejo, kuli Ngosi m'mapiri a Poroto. Pamene motowo unatulukira panatsala zimaenje zikuluzikulu ndipo madzi anadzazamo, ndiye nyanja zimene tikunenazi. Yaikulu ndi Ngosi, m'litali makilomita pafupifupi 2.5, m'lifupi kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ambiri amati mwa nyanja za mtundu umenewu mu Africa muno ndi yachiwiri kukula. Palinso zing'onozing'ono kumunsi kwa Tukuyu monga Masoko imene ena amati Kisiba, Kingiri, Ikapu, Ilamba ndi zina. Mapiri amenewa ali kumutu kwa mng'alu womwewu umene munakhala nyanja ya Malawi, womwenso unagwedeza Karonga ndi zivomerezi zija za mu December 2009, ndiye nkhani yake ndi yathu ndithu. Amayi athu a pa msika wa Taifa akhala akudutsa pa Tukuyu zaka ndi zaka kupita kukapikula katundu ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam, ambiri amadutsa ali mtulo pa basi osadziwa kuti kuseri kwa phiri akulionalo kuli nyanja.

Tsopano tiyeni tiwerengetse msewu. Mzuzu kukafika Karonga ndi makilomita pafupifupi 220, ndipo mmenemo muli Chiweta pomwe dalaivala wanzeru amatsika pang'onopang'ono kumbuyo kwa ma thanka ndi malole a malasha, mukatsika apo kulowera Chitimba, Uliwa, Nyungwe, Ngara mumakumana ndi maenje, njinga, ng'ombe, ma rodibuloko. Karonga kukafika pa boda ndi ena 45. Kuchoka pa boda kukafika pokhotera ku Ngosi, kupitirira Tukuyu pa msewu wa ku Mbeya, ndi ena pafupifupi 80 okwera okhaokha. Kupita ndi kubwera ikukwana makilomita pafupifupi 700 tsiku limodzi, musanawerengere mzere wa pa boda kawiri, musanakwere phiri ndi miyendo yanu. Ndiye pali china chimene ambiri saganizira, Tanzania ili kutsogolo kwathu ndi ola limodzi, wotchi yanu ikamati 4 koloko madzulo kumeneko ndi 5 ndipo boda ili ndi nthawi yake yotsekera, simungauze ofisala kuti dikirani tinachedwa kujambula.

Ine ndinapitako ndi anzanga a gulu lathu la banki m'khonde, tinasonkha ndalama kwa miyezi kuti chaka chino m'malo mwa phwando tikaone malo. Mnyamata amene anakonza ulendowo sindimutchula, si munthu woipa ndipo ndikukhulupirira kuti akhoza kukonza zinthu. Anatiuza kuti tikumane pa depoti cha m'ma 3 koloko usiku, ena anachokera ku Chibavi ena ku Luwinga ena ku Mchengautuwa wapansi mumdima umenewo chifukwa kabaza nthawi imeneyo kulibe. Kunacha tili kutsika Chiweta, nyanja yathu ikuwala kumunsi, anthu akuimba nyimbo za kwaya mpaka dalaivala naye kuyamba kuvomera. Mpaka pamenepo zinali bwino.

Pa boda ndi pomwe zinayambira. A Malawi sitifunika viza polowa mu Tanzania, zimenezo n'zoona, koma pasipoti kapena chikalata chovomerezeka choyendera chimafunika, ndipo izi pa uthenga woitanira ulendo sizinalembedwe momveka. Bambo ena a m'gulu lathu anangotenga chiphaso cha unzika poganiza kuti n'chokwana. Maofisala anangogwira ntchito yawo monga mwa malamulo, palibe chowadandaula, koma bambowo anatsala tsidya lino tsiku lonse atalipira ndalama zonse, atakhala pa benchi ya golosale ndi kachikwama kawo ka kamba, mpaka pano nkhope yawo ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Enafe tinataya nthawi yambiri pamenepo, ena kusaka kabuku kachikasu ka katemera m'zikwama, ena kusintha makwacha kuti akhale ndi ma shilingi kwa anyamata a panjira amene amakuzungulira asanu nthawi imodzi aliyense ndi kakyuleta yake.

Pofika pokhotera ku Ngosi dzuwa linali litapendeka kale. Kosita inalowa pang'ono mu msewu wafumbi n'kukanika matope, tinatsika n'kuyamba wapansi. A Mkonzi, nkhalango imene ija ndi yokongola zedi. Nsungwi zazitali zokumana pamwamba, nthochi zam'tchire masamba ake otambalala kuposa za kumudzi, mitengo yonse itavala ndere, pansi ponyowa ngakhale mvula isanagwe. Mnyamata wakomweko amene anatitsogolera anaima pa kanthambi kena n'kutionetsa nanzikambe wamng'ono wa nyanga zitatu pamphuno, akuyenda monyang'wa osatilabadira, anati amapezeka m'mapiri omwewo. Patsogolo pang'ono anatilozera m'mwamba muli anyani akuda a ubweya woyera wautali m'mapewa akudumpha. Iyeyo ankafuna tiime tione bwino, koma wathu wa ku Mzuzu kumbuyo anali pa tiyeni tiyeni boda itseka, ndiye amene anali kumapeto kwa mzere sanaone kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ife kudekhako tinalibe chifukwa nthawi yonse inathera mu msewu.

Kukwerako pamafunika pafupifupi ola kwa munthu wamphamvu, malo ena n'potsetsereka zoti umagwira mizu. Palibe amene anatiuza za nsapato. Mayi ena achikulire amene timawalemekeza kwambiri m'gulu lathu, ndiwo amasunga bokosi, anabwera ndi masilipasi ndi chitenje chawo chatsopano poganiza kuti galimoto ikafika m'mphepete mwa madzi monga ku Nkhata Bay. Anayesetsa ndithu, silipasi imodzi inaduka m'matope, anaimanga ndi kachingwe, inadukanso. Mapeto ake anakhala pa muzu pakati pa njira n'kunena kuti ana anga pitani mukandionereko, ndipo mtsikana mmodzi anatsala nawo kuti asakhale okha m'nkhalango. Anthu awiri amenewo nyanjayo sanaione, chimodzimodzinso bambo a pa boda aja.

Ife amene tinafika pamwamba tinaiona, ndipo sindinama, ndi chinthu choti munthu ukaone ndi maso ako. Umatuluka m'mitengo mwadzidzidzi n'kupeza waima m'mphepete mwa phompho, pansi patali kwambiri pali madzi obiriwira ali phee, makoma a phiri atazungulira mbali zonse ali ndi mitengo mpaka kumunsi, kulibe bwato kulibe nyumba kulibe munthu wochapa. Gulu lonse lija laphokoso linangoti zii. Koma sitinakhalitse, nkhungu inabwera kuchokera kutsidya n'kuphimba zonse, mnyamata wakomweko anati tikadikira pang'ono ichoka chifukwa imatero, wathu anati ayi nthawi yatha. Ku Masoko komwe kunalembedwa pa pulogalamu sitinapiteko n'komwe, ku mathithi a Kaporogwe ayi, pa mlatho wamwala wa pa mtsinje wa Kiwira umene amautcha Daraja la Mungu ayi. Nkhomaliro tinadyera m'galimoto ikuthamanga, tinangonyamulidwa ngati matumba a mpunga wa ku Kyela, ndipo ku Mzuzu tinafika pakati pa usiku.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chimenechi cha usiku. Dalaivala anali mmodzi yekha, munthu amene anadzuka 2 koloko ndiye amene anatikweza Chiweta mumdima atagwira chiwongolero tsiku lonse, ndinkamuona pa galasi akutikita m'maso n'kutsegula windo kuti mphepo imuwombe. Tonse a kumpoto kuno tikudziwa mabanja amene analira chifukwa cha phiri limene lija. Mulungu anatisunga, koma si bwino kumamuyesa sabata ndi sabata ndi miyoyo ya anthu makumi awiri kapena atatu chifukwa choti tikufuna kulemba kuti tsiku limodzi pa positala. Komanso m'nkhalango muja netiweki ya kwathu kulibe, munthu atathyoka mwendo kapena shuga kumutsikira pamwamba paja, gaidi wathu analibe ngakhale bandeji, analibe nambala ya chipatala chapafupi, sanafunse n'komwe ngati pali wodwala BP tisananyamuke.

Za ndalama nazonso zinenedwe poyera. Ku malo ambiri otetezedwa a ku Tanzania mtengo wolowera wa nzika za East African Community ndi wina, wa alendo akunja ndi wina, ndipo Malawi sali m'bungwe limenelo ngakhale tonse tili mu SADC, choncho musadabwe akakuwerengerani ngati mlendo. Ife tinauzidwa pa geti pomwepo kuti tiwonjezere, anthu kuyamba kubwerekana ma shilingi, ena anali ndi ndalama pa foni zomwe sakanatha kutapa kumeneko. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense akudziwa mmene ndalama yathu imachepera ukangowoloka Songwe, ndiye munthu amafunika adziwiretu ali kunyumba kuti zonse pamodzi zikwana zingati, galimoto, geti, gaidi wakomweko, chakudya, kuti asankhe yekha kupita kapena kusiya.

Pempho langa kwa okonza maulendowa ndi lakuti tsiku limodzilo liziyambira ku Karonga. Kuchoka pa Karonga boma kukafika ku Ngosi ndi makilomita pafupifupi 130 basi, mukhoza kukhala oyamba pa mzere boda ikamatsegulidwa, kukwera phiri m'mawa kusanatenthe, kukhala pamwamba mpaka nkhungu ichoke, kutsika kukadya bwinobwino pa Tukuyu, masana n'kupita ku Masoko komwe sikupitirira makilomita 20 kuchoka m'tauniyo ndipo galimoto imafika pafupi, oti ngakhale agogo akhoza kuiona nyanjayo osavutika, n'kuwolokanso kukadali kowala. A ku Mzuzufe tizinyamuka dzulo lake masana, kutsika Chiweta dzuwa lilipo, kukagona ku Karonga, pobwera kugonanso n'kukwera m'mawa. Inde mtengo ukwera ndi malo ogona, koma magulu ambiri amene amapita maulendo oterewa ndi a mipingo, a sukulu, a ma banki m'khonde, ndipo ku Karonga kuli ma resitihausi otsika mtengo, kuli maholo a mipingo, ambirife tilinso ndi abale kumeneko. Kulipira kowonjezera n'kuona zonse zimene unalonjezedwa kuli bwino kusiyana ndi kulipira zochepa n'kukathera pa muzu.

Ndipo Karonga payokha ili ndi zoti munthu aone, si malo ongogonapo. Pali nyumba yosungira zakale ija inatsegulidwa mu 2004 momwe muli mafupa a chinyama chachikulu chakalekale chotchedwa Malawisaurus, ana ambiri a ku Mzuzu sanalowemo chikhalirecho ili m'chigawo chawo chomwe. Pali manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ya pa Karonga mu September 1914, ndipo Majeremani amene anadzamenya nkhondoyo anachokera ku Tukuyu komweko, nthawi imeneyo ankakutcha Neu Langenburg. Ku Masoko m'mbali mwa nyanja kudakali chinyumba chamiyala cha nthawi ya Majeremani, ndipo anthu akumeneko amasimba kuti pothawa anataya ndalama ndi katundu wawo m'madzimo. Tangoganizani mwana wa sukulu aone manda aja madzulo, m'mawa mwake akaime pomwe asilikaliwo anachokera, mbiri imene amaloweza m'kalasi ija aiyenda ndi mapazi ake. Madzulo adye mbalagha kapena mpunga wa kilombero ndi nsomba, ndalama itsale kwa amayi a ku Karonga m'malo mongodutsa ndi liwiro usiku anthu ali mtulo.

Nkhani ina ndi ya magaidi. Munthu kukhala ndi foni yabwino ndi nambala ya mwini kosita sindiye kuti wakhala gaidi. Ku Karonga, ku Kaporo, ku Iponga kuli achinyamata ambiri amene amalankhula Chinkhonde, chomwe chimamvana ndi Chinyakyusa cha tsidya linalo, ambiri Chiswahili amachithanso chifukwa anakulira pa boda. M'gulu lathu munali mayi wina wakwawo ku Kaporo, atangopereka moni m'chinenero chawo kwa amayi ogulitsa nthochi panjira nkhope zinasintha, anayamba kufunsana za mafumu ndi za maliro, mpaka anatipatsa phava lina laulere. Achinyamata oterewa ndi amene akufunika aphunzitsidwe ntchitoyi, adziwe za chithandizo choyamba, za mapepala a pa boda, za mbiri ya malowa, azigwira limodzi ndi anzawo a ku Tukuyu chifukwa nkhalangoyo ndi ya eni ake ndipo iwo ndi amene amadziwa njira ndi nyengo yake. Pa Mzuzu University pompano pali ophunzira za zokopa alendo amene chaka ndi chaka amasowa kokachitira pulakatiko, bwanji okonza maulendowa osawatenga? Nawo a unduna woona zokopa alendo ndi makhonsolo a Mzuzu ndi Karonga atithandize kuti aliyense wonyamula anthu kuwolotsa malire akhale wodziwika, ndi galimoto ya mapepala okwana ndi inshuwalansi yogwira ntchito tsidya linalo, kuti zikavuta tidziwe kokafunsa.

Nyengonso aziiganizira. Dera la Rungwe limalandira mvula yambiri kuposa madera ambiri a Tanzania, cha mu March ndi April kanjira ka ku Ngosi kamakhala phala lokhalokha, miyezi yabwino ndi kuyambira June mpaka October. Kugulitsa ulendo umenewu pa Pasaka chifukwa choti anthu ali pa holide n'kuwanamiza.

Ndisaiwale, kwa amene alibe pasipoti, poti tikudziwa mmene kapezedwe kake kakhala kakuvutira, nafenso tili ndi nyanja yathu ya pamwamba pa phiri. Ku Nyika, paki yoyamba m'dziko muno imene inakhazikitsidwa mu 1965, kuli nyanja ya Kaulime pafupi ndi Chelinda, yaing'ono koma yachilengedwe, imene makolo ankailemekeza ngati malo a mizimu, ndipo mbidzi ndi nyama zina zimadzamwa pomwepo. Msewu wake ukadutsa geti ya Thazima umayenda m'malire mwenimweni mwa Zambia. Nawonso ndi msewu wovuta woti suufuna changu, ulendo wake ukuyenera kuyambira ku Rumphi m'mamawa ndi galimoto yamphamvu, osati kosita yochoka ku Mzuzu dzuwa litakwera.

Gulu lathu lagwirizana kuti tidzapitanso chaka chamawa nyengo yadzuwa, ndipo mayi aja ndi bambo aja sadzalipira, tidzawasonkhera. Amene akufuna kudzatinyamula atilembere pa pepala zinthu izi tisanapereke ngakhale tambala, kuti tikagona kuti ku Karonga, madalaivala ndi angati, mapepala ofunika pa boda ndi ati, mtengo wonse pamodzi ndi wa pa geti ndi zingati, kukwera phiri n'kotalika bwanji ndipo amene sangathe kukwera adzatsala ndi ndani komanso adzaona chiyani m'malo mwake. Ndikupempha magulu ena kuno ku Mzuzu, ku Ekwendeni, ku Rumphi, kuti nanunso muzifunsa zomwezi musanatumize ndalama pa foni.

Ine wanu wowerenga,
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu